Mukufuna kuguba mumsewu pa tsiku la ufulu? Nayi njira yokonzera perete wa m'dera lanu mu Lusaka

Okutobala akangolowa, madzulo m'makomboni mumayamba kumveka ng'oma za bandi. Anyamata a Boys' Brigade akuyeserera kuseri kwa tchalitchi, atsikana a majoreti akuponya ndodo m'mwamba pabwalo la sukulu, amayi ali pamakina kusoka timasiketi tobiriwira. Kenako, patatsala masiku 4 kuti 24 Okutobala, tsiku la ufulu wa Zambia, akwane, wina m'komiti amafunsa kuti, "Kodi apolisi tinawauza?" Onse n'kuyang'anana.

Ndakhala m'komiti yokonza perete wa m'dera lathu kwa zaka zingapo, ndipo funso limeneli ndinalimvapo ndi makutu anga. Ndikulembera inu a m'makomiti a sukulu, a mipingo, a magulu a achinyamata ndi a amayi amene mukufuna kutulutsa anthu mumsewu pa tsiku la chikondwerero cha dziko, kaya ndi 24 Okutobala, 8 Malichi la amayi, 12 Malichi la achinyamata kapena 25 Meyi la ufulu wa Africa. Muyezo wanga pa chilichonse ndi umodzi: kamwana kakang'ono kamene kali kumchira kwa mzere. Njira, nthawi, madzi, makalata, zonse muzizipima ndi iko.

Yambani mwasankha: wanu kapena wa boma?

Pa masiku akuluakulu boma limakhala ndi mwambo wake. Pa 24 Okutobala ndi pa 25 Meyi mtsogoleri wa dziko amakaika nkhata pa Freedom Statue, mumsewu wa Independence Avenue, ndipo apolisi ambiri amakhala kumeneko. Pa 1 Meyi oguba ndi ogwira ntchito kudzera m'mabungwe awo. Ngati cholinga chanu ndi kukaoneka pa mwambo waukulu, ntchito yanu ndi yochepa: pitani ku ofesi ya District Commissioner kapena ku unduna umene ukuyendetsa tsikulo, mukalembetse gulu lanu. Njira ndi chitetezo akonza ndi iwo.

Zotsatirazi ndi za inu amene mukufuna perete wanuwanu, woyambira pasukulu n'kukathera pabwalo la mpira la m'dera lanu. Ndipo ganizirani msanga ngati ayenera kuchitika pa tsiku lenilenilo. Loweruka loyandikana nalo nthawi zambiri limayenda bwino, chifukwa apolisi apamsewu sakhala atatengedwa ndi mwambo wa boma.

Komiti, miyezi itatu tsiku lisanafike

Ngati ndi za Okutobala, khalani pansi mu Julayi. Anthu 6 kapena 7 akwana: wapampando, mlembi, msungichuma, woona za njira, woona za umoyo, ndi mmodzi woimira sukulu. Mwa amenewa sankhani munthu mmodzi amene dzina lake ndi nambala yake ya foni zidzakhale pa kalata iliyonse. Maofesi safuna kuyankhula ndi "komiti". Amafuna munthu woti amuimbire. Asakhale wotanganidwa kwambiri, ndipo asakhale wodziwika ndi malaya a chipani.

Gulani fayilo. Kalata iliyonse, lisiti lililonse, zizilowa m'menemo.

Yendani njirayo ndi miyendo yanu

Apa ndiye ndikhalitsepo, chifukwa ma perete ambiri amawonongekera pano, kalata isanalembedwe n'komwe.

Musasankhe njira muli m'galimoto kapena mukuyang'ana mapu pa foni. Pitani anthu atatu, pa tsiku ndi ola lofanana ndi limene mudzagube, muyende wapansi kuchokera poyambira mpaka pothera. Wina atenge kope. Lembani mphambano iliyonse, ngalande iliyonse yosavindikira, pamene maminibasi amaima kutola anthu, pamene ogulitsa afika mpaka m'phula, pamene msewu wapanikizika, pamene mawaya a magetsi atsika moti mbendera yaitali kapena lole ya zokuzira mawu ingawakole. Onaninso pamene pali mthunzi. Mu Okutobala mtengo umodzi wa mango m'mbali mwa msewu ndi chuma.

Misewu ina ingoisiyani. Great East Road, Great North Road ndi Kafue Road ndi misewu ikuluikulu ya dziko, yodutsa mathiraki ndi mabasi opita kutali. Cairo Road ndi Lumumba Road ndi mtima wa malonda. Independence Avenue pa tsiku la chikondwerero ndi wa mwambo wa boma. Pewaninso kutseka khomo la chipatala. Amene muli cha ku Kabwata ndi Chilenje kumbukirani kuti ma ambulansi opita ku chipatala chachikulu cha UTH amadalira Nationalist Road ndi Burma Road, ndipo zipatala za Chawama, Kanyama, Matero, Chipata ndi Chilenje nazonso sizipuma pa holide. Ngati simungachitire mwina koma kudumpha msewu waukulu, dumphani pamalo amodzi okha, ndipo malowo muwalembe bwino kuti apolisi adzaimepo.

Utali wake? Kwa ana a pulayimale, makilomita awiri akwana, atatu ndiye malire. Ana oguba motsatira ng'oma amayenda pafupifupi makilomita atatu pa ola, ndiye kuti mamita 50 pa mphindi. Tsono chitani masamu awa, chifukwa apolisi adzakufunsani. Anthu 600 oyenda atatuatatu ndi mizere 200. Mukasiya mita imodzi ndi theka pakati pa mizere, perete wanu ndi wotalika mamita 300, ndipo adzatenga mphindi 6 kuti adutse pa mphambano imodzi. Onjezerani mipata ya pakati pa magulu, ndi majoreti amene amaima kuti aonetse luso, mupeza mphindi 10 kapena kuposerapo. Woyendetsa minibasi akhoza kupirira mphindi 10. Zikafika 25 amayamba kulowetsa mphuno ya galimoto pakati pa ana.

Malo othera akhale ndi mpanda kapena malire ooneka, zimbudzi, ndi khomo lina lotulukira galimoto. Ngati mukufuna kuti ana aphunzirepo kanthu, sankhani njira yodutsa pamalo a mbiri. A ku Chilenje ali ndi mwayi: nyumba nambala 394, imene a Kenneth Kaunda ankakhalamo kuyambira 1960 mpaka 1962 pa nthawi yomenyera ufulu, ili pakhomo pawo pomwe.

Mukabwerako jambulani mapu ndi dzanja pa pepala limodzi: mivi yosonyeza kolowera, mayina a misewu, poyambira, pothera, poima madzi. Pangani makope ambiri. Pepala limeneli lidzalowa m'kalata iliyonse.

Khomo loyamba: khansala ndi khonsolo

Anthu ambiri amaganiza kuti akauza apolisi ndiye kuti zatha. Ayi. Apolisi amaona za bata ndi magalimoto. Misewu ya m'kati mwa mzinda, mabwalo a anthu onse, zikwangwani, zinyalala, ukhondo wa zakudya ndi ozimitsa moto, zonsezi zili m'manja mwa khonsolo ya mzinda wa Lusaka.

Yambani ndi khansala wa wadi yanu pamodzi ndi Ward Development Committee, makomiti amene lamulo la maboma ang'onoang'ono la mu 2019 linakhazikitsa kuti anthu a m'dera azikhala ndi mawu. Mukawaone pamaso. "A Khansala, tabwera kudzakudziwitsani za ana anu" ndi chiyambi chabwino kuposa kalata yongowatulukira. Amadziwa ngati msewu winawake udzakumbidwe mwezi umenewo, kapena ngati bwalo mukulifunalo ena analitenga kale. Apempheni kakalata kokuvomerezani.

Kenako lemberani Town Clerk, mkulu woyendetsa ntchito za khonsolo, ku Civic Centre, likulu la khonsoloyo, pa Independence Avenue. Meya mukhoza kumuitana ngati mlendo, koma kalata ya ntchito imapita kwa Town Clerk, ndiye amaigawira ku madipatimenti. M'kalatamo nenani kuti ndinu ndani, tsiku, ola loyambira ndi lothera, njira, chiwerengero cha anthu ndi misinkhu yawo, ndipo mulembe chimodzichimodzi zimene mukupempha: kugwiritsa ntchito msewu, kugwiritsa ntchito bwalo ngati ndi la khonsolo, kupachika nsalu zolengeza, kumanga tenti kapena nsanja, kugulitsa kapena kugawa zakudya, kuchotsa zinyalala. Chimene simunalembe musadzachiyembekezere. Pa zakudya ndi zimbudzi mudzakumana ndi a zaumoyo a khonsolo. Pa misewu ndi nsanja, a zomangamanga. Pakakhala cholipira, lipirani pamalo ovomerezeka, mutenge lisiti la khonsolo. Ndalama ya m'manja mwa munthu m'khonde si malipiro.

Tsono mverani ichi. Kalata iliyonse pitani nayo ya makope awiri, ndipo musachoke pa kauntala kope lanu lisanadindidwe chidindo cha tsiku limene alandira. Chaka china tinasiya kalata pa ofesi ina, mlembi wathu n'kubwerera ndi "zikomo, tiiona" basi. Patapita milungu itatu tinapitanso. Anatsegula madilowa onse ife tikuona, kalata osapezeka. Tinalibe chosonyeza kuti tinabwerapo, ndipo tinayambiranso patatsala masiku 9. Nsalu zathu zolengeza chaka chimenecho sizinapachikidwe. Chiyambire pamenepo, chidindo ndimachiyang'ana kawiri ndisanapinde pepala. Lembaninso dzina la dipatimenti imene kalata yapita, ndipo muzipitako sabata iliyonse.

Khomo lachiwiri: apolisi

Ndi bwino kudziwa pamene mwaima. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko limapatsa aliyense ufulu wosonkhana. Lamulo la Public Order Act ndi la m'nthawi ya atsamunda, la mu 1955, ndipo kale linkafuna kuti munthu apemphe chilolezo kwa apolisi asanachite msonkhano kapena kuguba. Khoti lalikulu la Supreme linathetsa zimenezo pa mlandu wa a Christine Mulundika ndi anzawo 7, ndipo mu 1996 lamulolo linasinthidwa: m'malo mopempha chilolezo, okonza amadziwitsa apolisi masiku osachepera 7 tsikulo lisanafike. Kusintha komweko kunanenanso kuti apolisi akaona kuti sangathe kuteteza mwambowo, akuuzeni polemba, ndi zifukwa zake, kutatsala masiku osachepera 5, ndipo akupatseni tsiku lina. Mukapanda kukhutira, dandaulo limapita kwa nduna yoona za m'dziko.

Koma masiku 7 amenewo musawatenge ngati nthawi yoyambira. Pa 24 Okutobala, masiku 7 ndi pa 17, ndipo mawa lake, pa 18, ndi tsiku la mapemphero a dziko lonse, maofesi otseka. Pitani mwezi wathunthu tsiku lisanafike.

Pitani ku siteshoni ya polisi imene dera lanu lili pansi pake, osati kapolisi kakang'ono ka pamsika. Pemphani kuonana ndi Officer in Charge, mufunse fomu yodziwitsira imene ikugwira ntchito panopa. Njira yanu ikadutsa m'madera a masiteshoni awiri, onse awiri alandire kope. Tengani mapu, kalata ya khansala, kope lodindidwa la ku Civic Centre, ndi mndandanda wa anthu amene adzayang'anire mzere. Lamulo limafuna kuti okonza alonjeze kuti padzakhala oyang'anira okwanira ogwirizana ndi apolisi, ndiye mukafika nawo mayina ali kale papepala, nkhani imafupika.

Mukatha apo pemphani kuonana ndi mkulu wa apolisi apamsewu. Ameneyu ndiye adzaime pa mphambano. Muyalireni mapu patebulo: "Bwana, apa ndi pamene tikuopa. Mungatithandize bwanji?" Akakuuzani kuti musinthe njira, mverani, amadziwa ola limene msewu uliwonse umadzaza kuposa inu. Gwirizanani kuti galimoto kapena njinga yamoto ya polisi idzakhala kutsogolo, ndipo china chake, ngakhale galimoto ya komiti yoyatsa mahazadi, chidzatseka kumbuyo. Kumbuyo ndi kumene ngozi imachokera.

Auzeninso poyera kuti malaya, nyimbo ndi zizindikiro za zipani siziloledwa pa perete wanu, ndipo mawu amenewo muwasunge.

Sukulu ndi makolo

Ana a sukulu satuluka mumsewu chifukwa choti aphunzitsi a bandi avomera. Lemberani aphunzitsi aakulu a sukulu iliyonse, ndi kope ku ofesi ya DEBS, yoyang'anira maphunziro m'boma la Lusaka. Sukulu zimakhala zotseka mbali yaikulu ya Ogasiti, choncho kalata ifike asanatseke kapena sabata yoyamba yotsegulira mu Seputembala. Makalasi a mayeso asiyeni. Nthawi imeneyo mayeso amakhala ali pakhomo. Mwana aliyense abwere ndi kapepala kosainidwa ndi kholo, kokhala ndi nambala ya foni ndi matenda amene ali nawo, monga mphumu kapena khunyu.

Madzi, zimbudzi, thandizo loyamba

Okutobala wa Lusaka ndi ng'anjo. Kutentha kumapitirira madigiri 30, ndipo phula limaotcha kudzera m'nsapato za sukulu. Chaka chimene tinadikira mlendo wolemekezeka kuyambira 8 koloko mpaka cha m'ma 11, ana ali chiimire pamzere, atsikana atatu anakomoka tisanayende n'komwe. Mmodzi ndinamunyamula ndekha. Anali atavala jekete ya majoreti ya nsalu yokhuthala, mabatani mpaka pakhosi, milomo itauma gwa. Nditamufunsa pambuyo pake ngati anadya, anati anachoka kunyumba 5 koloko kuopa kutsalira, osalawa ngakhale tiyi.

Choncho nyamukani 8 koloko, pofika 10 koloko mukhale mutalowa pabwalo. Mlendo akakulandireni kothera, atakhala pamthunzi. Asakhale woyambitsa ulendo. Uzani makolo kuti ana adye asanachoke. Ikani madzi poyambira, pakati pa njira ndi pothera, pafupifupi lita imodzi pa munthu aliyense, ndipo akhale madzi otetezedwa ndi klorini kapena a m'mabotolo otseka.

Wa mu Malichi vuto lake ndi lina: mvula, matope, ngalande zosefukira, ndi kolera. Tonse tikukumbukira kumayambiriro kwa 2024, pamene National Heroes Stadium inasanduka malo ogonekera odwala ndipo sukulu zinachedwa kutsegulidwa. Nthawi ngati imeneyo a zaumoyo akhoza kuletsa misonkhano, ndipo makalata anu onse sangasinthe kanthu. Khalani ndi holo kapena tchalitchi chothawirako mvula, ndi zidebe za mpopi ndi sopo pakhomo la chimbudzi chilichonse.

Lemberani a Zambia Red Cross Society kapena a St John kuti akupatseni anthu a thandizo loyamba, ndipo dziwitsani kiliniki yapafupi. Galimoto imodzi ikhale yopanda ntchito ina koma kunyamula wodwala, dalaivala ali momwemo ndi makiyi. Manambala a 991 apolisi, 992 ambulansi ndi 993 ozimitsa moto alembedwe papepala la woyang'anira aliyense.

Oyang'anira mzere ndi kuyeserera

Ine ndimaika wamkulu mmodzi pa ana 20 aliwonse, ndi awiri owonjezera pa mphambano iliyonse. Avale mabibu owala, akhale ndi wezulo. Ntchito yawo ndi kuyenda m'mbali mwa ana, kumbali imene kuli magalimoto, osati kujambula mavidiyo. Saimitsa magalimoto pamsewu waukulu. Imeneyo ndi ntchito ya apolisi.

Kasanjidwe: mbendera ya dziko patsogolo, bandi pambuyo pake, kenako ana aang'ono kwambiri, akuluakulu kumapeto. Ambiri amachita mosemphanitsa, n'kuika a sekondale patsogolo chifukwa amaguba mokongola. Zotsatira zake a miyendo italiitali amathamanga, mzere umaduka, ndipo tiana ta Giredi 3 timatsala tokha kumbuyo pamene apolisi atsegula kale msewu. Aang'ono akakhala patsogolo, liwiro la perete yense limakhala lawo. Mabandi akakhala awiri atalikitseni, apo ayi ng'oma zimasokonezana ndipo mapazi amasokonekera. Galimoto zokongoletsedwa ziyende kumbuyo kwenikweni, munthu woyenda pansi ali pambali pa tayala lililonse lakutsogolo, ndipo pasakhale mwana wolendewetsa miyendo m'mphepete mwa lole.

Kutatsala sabata imodzi, oyang'anira onse ayende njira ija pamodzi, aliyense aone pamene adzaime. Ana akayeserere pabwalo, osati mumsewu.

Uzani eni msewu

Kutatsala masiku 5, pitani pa siteshoni ya maminibasi mukayankhule ndi wapampando wawo, muwauze ola limene msewu udzatsekedwe ndi ola limene udzatsegulidwe. Uzani komiti ya msika, eni tuntemba a m'mbali mwa njira, ndi mipingo imene ili m'njiramo, makamaka ngati ndi Loweruka pamene a Seventh Day amapemphera ndipo maukwati amachuluka. Lengezani m'matchalitchi, m'magulu a WhatsApp a m'dera, ndi pa wailesi ngati thumba likulola. Zokuzira mawu zikhale ndi jenereta yake. Musadalire kuti magetsi adzakhalapo. Ngati wina akufuna kujambula ndi droni, ayambe wafunsa ku Civil Aviation Authority.

Kutatsala masiku awiri imbiraninso foni apolisi apamsewu, mutsimikize ola ndi malo okumanirana.

Tsiku lenilenilo

Woona za njira adzuke m'bandakucha ayendenso njira yonse. Usiku umodzi ndi wokwana kuti thiraki ifere pakati pa msewu kapena tenti ya maliro imangidwe pamene mumati mudutse. Mukapeza maliro m'njira, uzani bandi isiye kuimba patali, mudutse mwakachetechete, ndipo wapampando apatuke akapepese.

Fayilo ija ikhale m'manja mwa munthu amene dzina lake lili pa makalata, ndipo iye ayende patsogolo pafupi ndi apolisi. Mphunzitsi aliyense awerenge ana ake musananyamuke, alembe nambala padzanja ngati kope lili kutali. Apolisi asanafike musalowe mumsewu, ngakhale ng'oma zitatentha bwanji. Mzere ukaduka, wakumbuyo aimbire wakutsogolo, mutu uime mpaka mchira ufike.

Pabwalo, madzi ayambe, ana akhale pansi pamthunzi, nyimbo ya fuko ndi zoyankhula zibwere pambuyo. Oyankhula akhale atatu, mphindi 5 aliyense.

Anthu akamabalalika, gulu la achinyamata limene munalisankhiratu libwerere m'njira monse ndi masaka kutola mabotolo ndi mapepala, ndipo nsalu zolengeza zitsike tsiku lomwelo. Aphunzitsi awerengenso ana. Nambala ya m'mawa ifanane ndi ya masana, ndipo mwana wa pulayimale asachoke pabwalo popanda kholo kapena mphunzitsi wake. A komiti awiri atsale pageti ndi mapepala a makolo aja, kuimba manambala mmodzimmodzi, mpaka mwana womaliza atatengedwa. M'sabata yomweyo mlembi alembe makalata othokoza apolisi, khonsolo, sukulu ndi a thandizo loyamba, msungichuma awerengere komiti ndalama zonse ndi malisiti ake, ndipo mapu aja, pamodzi ndi zonse zimene zinavuta pa mphambano iliyonse, zilowe m'fayilo kuti komiti ya chaka chamawa idzazipeze.